Makina tikukonza ndife, nanga ntchito mukulemba ndani?

Kwa inu mabwana ndi madona amene mumalemba anthu ntchito m'makampani, m'mabungwe ndi m'maofesi a dziko lino.

Takulemberani ndife amene tinaphunzira ntchito za makina a mu ofesi. Ena tinachita za makompyuta ndi manetiweki ku MUBAS, ku MUST, ku Mzuni ndi ku NACIT. Ena tinachita za ulembi ndi kayendetsedwe ka ofesi m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe ndi Mzuzu. Enanso tinaphunzira kukonza mapulinta ndi makina a fotokope pogwirizira amisiri a ku Limbe ndi ku Old Town. Ife ophunzira kwa amisiriwa pepala tilibe, koma makina akangolira timadziwa chimene chawavuta. Nkhope zathu si zachilendo kwa inu. Ndife aja mumatidutsa pageti titapanira envelopu yakhaki m'khwapa, alonda akutiuza kuti, "Ingosiyani pompano, tikaperekera." Ndife omwe aja mumatiimbira foni Lachisanu dzuwa litapendeka, pulinta itakana kutulutsa malipoti ofunika kumsonkhano wa Lolemba.

Dandaulo lathu lagona pamenepo. Ntchito ilipo, ndipo tikuigwira tsiku ndi tsiku. Chimene chasowa ndi kalata yotilemba ntchitoyo. Mumatifuna makina akafa. Akadzuka mumatipatsa ya thiransipoti n'kutiperekeza pakhomo. M'mafoni mwanu munatisunga kuti "Mnyamata wa Pulinta" kapena "Mtsikana wa Excel", koma pa mndandanda wa olandira malipiro mwezi ukatha, dzina lathu palibe.

Sitikukana kuti zinthu zasintha, ndipo makina sitikuwaimba mlandu. Amayi athu ena anatilera ndi ntchito yotaipa. M'maunduna ku Capital Hill ndi m'makampani akuluakulu munkakhala chipinda chathunthu cha otaipa, bwana ankalemba pamanja iwo n'kumamenya taipi. Lero bwana ali ndi laputopu, kalata amalemba yekha, Chingerezi chikamuvuta amafunsa ChatGPT. Kachipinda kozizira kaja munkakhala seva ya kampani, m'malo ena mwadzaza mipando yothyoka, chifukwa maimelo ndi mafayilo anasamukira ku Microsoft 365 kapena ku Google. Kompyuta ikavuta, munthu amene wakhala ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku India amalowamo pa intaneti n'kukonza, inu mukungoona kamuvi kakuyenda kokha pa sikirini. Makina a fotokope ena simugulanso, mumabwereka kwa ogulitsa n'kumalipira molingana ndi mapepala amene atuluka, ndipo mmisiri mmodzi wa ogulitsawo amazungulira maofesi ambirimbiri pa njinga yamoto. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020 misonkhano inapita pa Zoom, ena mwa inu n'kuzindikira kuti ofesi ikhoza kuyenda ndi anthu ochepa. Zonsezi taziona ndi maso athu.

Koma zilipo zimene wa ku Nairobi uja sangachite. Sangakwere kudenga kukakoka waya wa netiweki umene makoswe atafuna. Sangatsegule Canon kapena Ricoh yanu n'kusolola pepala lomwe lapindikira mu fyuza, zala zikupsa, kapena kupukuta marola amene ayamba kuterera ndi fumbi la mu Okutobala. Magetsi akabwera mwamphamvu atathima tsiku lonse n'kuwotcha makompyuta angapo nthawi imodzi, wothamanga ndi sikuludilaiva si iyeyo. Amene anadzazapo tona mu katiriji akudziwa mmene ufa wakuda uja umalowera m'zikhadabo ndi m'mphuno, moti ukamina madzulo kampango kamada bii. Ntchito imeneyi sinapite kulikonse. Mwangoichotsa pa malipiro a pamwezi n'kuisandutsa ganyu.

Taonani zidziwitso za ntchito zimene mumatulutsa mu The Nation, mu The Daily Times ndi pa LinkedIn. Pamutu mumati mukufuna wothandizira pa za makompyuta. Ukatsika m'munsimu umapeza kuti munthu yemweyo azikonza makompyuta ndi mapulinta, aziyang'anira netiweki ndi makamera achitetezo, azisamala webusaiti, aziika zithunzi pa Facebook ya kampani, azijambula makalendala ndi zikwangwani, adziwe Sage kapena QuickBooks, azigwirizirako pa risepishoni, ndipo akakhala ndi laisensi ya galimoto ndiye zakoma. Amenewa ndi anthu asanu, mabwana, si mmodzi ayi. Za malipiro simulemba. Mumati tidzakambirana, tikafika kokambiranako funso limakhala lakuti, "Inuyo mungalandire zingati?" Munthu amene watha chaka akudya kwa alamu ake angatchule zingati? Amatchula zochepa, kuopa kuti mnzake amene wakhala pa benchi panjapo atchula zochepa kuposa pamenepo. Zimenezi mumazidziwa, n'chifukwa chake mumafunsa motero.

Ndiye pali mzere uja umene umatitsekera chitseko tisanagogode n'komwe: akhale woti anagwirapo ntchitoyi zaka zitatu kapena zisanu. Pansi pake pomwepo mwalemba kuti asapitirire zaka 30. Mwana wa ku Malawi amalemba MSCE, n'kudikira zotsatira, n'kudikiranso malo kukoleji, mwina n'kulekeza chaka chimodzi fizi itasowa. Pomwe akuvala gauni zaka zapita kale. Zisanu mukufunazo akazitenge kuti? Tikanena kuti chimalizireni sukulu takhala tikukonza makina m'maofesi osiyanasiyana, mumafuna kalata ya umboni. Amene tinawakonzerawo kalata sapereka, poti m'mabuku mwawo sitinalowemo.

Mu 2018 boma linayambitsa ndondomeko yotumiza achinyamata omaliza maphunziro m'makoleji kukaphunzira ntchito m'maofesi, n'kumawapatsa K80,000 pamwezi. Ambiri tinawomba m'manja, tinati vuto la zaka zija latha. Koma olemba ntchito ena, makamaka m'makampani, anaona kuti dzina lakuti internship likhoza kuwapezera antchito otchipa. Lero kuli mipando imene ilibe mwini. Pamakhala wophunzira ntchito uyu, miyezi isanu ndi umodzi ikatha amuthokoza, sabata yotsatira pakhala wina. Wophunzira ntchito amayenera kukhala ndi womuphunzitsa. Nanga uyu mwamusiyira makiyi, mapasiwedi onse a kampani ali m'kabuku kake, netiweki ikadula mumamudzutsa usiku, akuphunzira kwa yani? Iyeyo ndiye dipatimenti yonse.

Lamulo la ntchito la 2000 limati nthawi yoyesa munthu waluso pa ntchito isapitirire miyezi 12. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziikira wantchito wake 10 peresenti, wantchitoyo n'kuikapo 5. Malipiro otsikitsitsa boma linawakweza kufika pa K90,000 mu 2024, kenako K126,000 mu 2025. Zonsezi mumazilambalala ndi dzina limodzi: uyu ndi wophunzira, uyu ndi waganyu, uyu ndi wongodzipereka. Kandalama mumatipatsako mumakatcha alawansi, ndipo alawansi sikwera. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, minibasi ndi lendi zinakwera, koma pali anzathu amene akulandirabe zomwe zija anagwirizana poyamba.

Nanga za maintavyu tinene chiyani? Mmodzi wa ife, mnyamata wa ku Area 25, anaitanidwa pa kampani ina. Jekete anabwereka kwa msuweni wake. Mafunso sanachuluke. Anamutengera kuseri kumene kunali chimakina cha fotokope chofunditsidwa nsalu, amvekere, "Tione luso lanu achimwene." Anavula jekete lija, n'kupinda manja a malaya. Anapeza kuti giya ina yapulasitiki yatha mano, ndipo kachingwe ka sensa kazuka. Giya anakagulula m'makina ena akufa omwe anali pakona. Pofika masana makina anali akulavula mapepala, akalaliki akumuyamikira, mayi wa ku akaunti atafika kale ndi mulu wa mainivoisi. Anamugwira chanza n'kumuuza kuti amuimbira. Mpaka lero foni ili zii. Anadzamva kwa mesenjala wa pamenepo kuti ntchitoyo inali kale ndi mwini, mphwake wa mmodzi wa mamanijala, komanso kuti ogulitsa makina aja anali atatchula ndalama zambiri zoti adzakonzere. Alongo athu a za ulembi nawo zimawachitikira zomwezi: akupatsa lipoti lochindikala kuti utaipe "poyesa liwiro lako", ukamaliza lipotilo likupita kwa mabwana, iwe ukupita kwanu.

Ngati munthu muli naye kale, bwanji osangomulemba mwakachetechete? Kutiitana kuti tidzakwaniritse chiwerengero, kuti fayilo ioneke ngati panali mpikisano, n'kutidyera ndalama ya minibasi imene mayi athu anakongola kubanki mkhonde.

Kwa alongo athu pali chinanso chonyansa. Intavyu yatha bwinobwino, madzulo kukubwera uthenga pa WhatsApp: "Mwakhoza, koma tikumane ku loji tikambirane bwino." Nambala waitenga pa CV. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zotere, komanso limafuna kuti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko yothana nazo. Koma wofuna ntchito sanalowe n'komwe pakhomo panu, akadandaule kwa yani? Ndipo akadandaula, dzina lake limayenda m'maofesi monse kuti ndi wovuta. Ambiri amangofufuta uthengawo, ntchito n'kuiiwala.

Kusaka ntchito kumadya ndalama, ndipo ndalamazo zimachoka m'thumba la munthu amene salandira kanthu. Satifiketi iliyonse ifuna fotokope, chiphaso cha unzika chimodzimodzi, kenako ukadinditse kwa a zamalamulo, ugule envelopu, ukwere minibasi kuchoka ku Bangwe mpaka ku Ginnery Corner kapena kuchoka ku Kawale mpaka ku City Centre. Mutayamba kunena kuti tizitumiza pa intaneti tinapumira m'mwamba. Koma pamenepo napo umalembanso m'timabokosi zonse zimene zili kale mu CV, sukulu ndi sukulu, chaka ndi chaka, ukafika pa tsamba lomaliza netiweki yadula, uyambirenso, bandulo n'kuthera pomwepo. Ena mukalandira pa intaneti mumafunanso kuti tibweretse mapepala pamanja.

Mabungwe ena akuluakulu ali ndi mapulogalamu osefa makalata. Kompyuta imasaka mawu akutiakuti mu CV, ikawasowa imaikankhira pambali munthu asanaiwerenge. Ife tazindikira, ndiye tayamba kulembetsa makalata kwa ChatGPT kuti mawuwo apezekemo. Zotsatira zake makalata onse afanana, onse Chingerezi chosalala, onse odzitama mofanana. Inu mukatopa nawo mumatembenukira kwa mnzanu n'kufunsa, "Kodi simukudziwako mwana wina wodalirika?" Makina amene amayenera kuthetsa zodziwana ndiwo azikuza. Mwana wa mlimi wa ku Nthalire kapena ku Makanjira, amene mtauni sadziwa aliyense wovala tayi, ndiye watsalira kutali kuposa kale.

Ndipo simuyankha. Pansi pa chidziwitso chilichonse pamakhala mawu akuti oyankhidwa ndi okhawo amene asankhidwa. Izi mukanauza alimi kapena amisiri a matabwa mwina akanamva. Koma ife ntchito yathu ndi yomweyi, tikudziwa kuti kutumiza imelo imodzi kwa onse amene sanasankhidwe sikutha ndi mphindi ziwiri zomwe. Munthu akadziwa kuti zakanika amayang'ana kwina. Akapanda kudziwa amakhala akutchajitsa foni kwa aneba, nambala yachilendo ikalira mtima uli phaa, poyankha n'kupeza kuti ndi wolakwitsa nambala.

Mapepala athu aja amathera kuti? Mnzathu wina anagula chipisi pachiwaya, pepala lomwe anamukulungira linali CV ya munthu, chithunzi, nambala ya foni ndi mudzi wa kwawo zili poyera. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024. Tikufuna kudziwa ngati makatoni a makalata athu, momwe mulinso makope a ziphaso zathu za unzika, amasamalidwa monga lamulolo likunenera.

Kukhala chete kwanuko ndiye kwanenepetsa akuba. M'magulu a pa WhatsApp mumagwa zidziwitso zooneka bwino, chizindikiro cha bungwe lodziwika chili pamwamba, akuti akufuna olowetsa manambala m'kompyuta. Ukatumiza kalata, mawa lake lomwe akuyankha kuti wasankhidwa, ungotumiza kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba ka kuchipatala kokapimitsa kapena ka yunifolomu. Musatiseke kuti anthu ophunzira makompyuta tingapusitsidwe bwanji. Munthu amene walemba makalata osawerengeka popanda womuyankha, woyamba kumuyankha amamukhulupirira. Amene amanena kuti achinyamata ndi aulesi, safuna ntchito, akumbukire za mu Juni 2020 pa Katoto ku Mzuzu, pamene anthu ambiri anavulala popanikizana kulowa ku intavyu ya ntchito za umoyo.

Mumanenanso kuti masukulu akutulutsa anthu osadziwa ntchito. Penapake mukunena zoona. Alipo makoleji amene ophunzira amaunjikana gulu pa kompyuta imodzi, alipo amene munthu amamaliza za manetiweki asanagwireko rauta yeniyeni, amangoijambula m'kope. Koma olemba ntchito mumapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito anu ku TEVETA kuti anthu aphunzire luso. Ndalama ndi yanu. Bwanji osapita kukanena luso limene mukufuna? Bwanji osatsegula zitseko kuti ophunzira adzagwire makina enieni ali ndi wowayang'anira? M'malo mwake mumatiuza kuti dipuloma siyokwanira, tibwere ndi satifiketi ya Cisco, ya Microsoft kapena ya CompTIA. Mayeso a Cisco a CCNA okha ndi madola 300, olipira pa intaneti, m'dziko limene ngakhale makampani anu omwe amafola kubanki kudikira ndalama zakunja. Kwina kampani imalemba munthu n'kumulipirira mayeso oterewa. Kuno mukufuna lova alipire yekha, abwere atapsa kale, inu mudzamupatse malipiro a mesenjala.

Chaka cha 2025 chinawonjezera moto. Mu Januwale boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja, mabungwe ambiri amene ankadalira ndalama za USAID anachotsa antchito. Mabungwe amenewa ndiwo ankalemba ambiri a ife, ena oyang'anira makompyuta, ena olowetsa manambala m'zipatala, ena oyenda m'midzi ndi matabuleti kuchita kafukufuku, ngakhale inali ntchito ya makontirakiti aafupi. Lero pa benchi ya intavyu timakhala limodzi ndi akuluakulu amene agwira ntchito zaka khumi, ali ndi ana kusekondale, akulimbirana nafe ntchito ya wongoyamba kumene. Sitikuwada, nawonso ndi ovutika anzathu. Koma inu mwaonapo mwayi wopeza katswiri pamtengo wa wophunzira.

Tikadandaula, yankho limakhala lokonzeratu: dzilembeni nokha ntchito. Tayesa. Pitani pafupi ndi ofesi ya DC iliyonse kapena pageti pa koleji, muwerenge timashopu ta fotokope tomwe tandandalikana, tonse tikudikira kasitomala mmodzi yemweyo. Tona, mapepala ndi zipangizo zonse zimachokera kunja, mtengo wake umatsata dola, koma ukakweza mtengo wa tsamba limodzi kasitomala amalowa khomo linalo. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankathima maola ambiri kwa nthawi yoposa chaka, ndipo anzathu amene analibe jenereta anagulitsa makina kuti abweze ngongole. Komanso anthu masiku ano amangotumizirana zikalata pa foni. Za maganyu a pa intaneti, monga pa Upwork ndi Fiverr, amakamba mosavuta ndi amene ali ndi laputopu yabwino, magetsi odalirika ndi njira yolandirira ndalama zakunja. Ena mwa ife anatopa n'kukwera basi ya ku Joni. Kumeneko akukonza mafoni m'mashopu a eni, ena akusesa pabwalo, dipuloma ili pansi pa sutikesi. Akuluakulu kumudzi amatilimbitsa mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma alandilodi sadekha.

Sitikupempha kuti mulembe aliyense, tikudziwa kuti nanunso bizinesi yakuvutani. Zimene tikupempha zambiri sizifuna ndalama. Lembani malipiro pa chidziwitso, kuti amene sangakwanitse asawononge yake ya minibasi. Mapepala odinditsa muziitanitsa kwa okhawo amene mwawaitana ku intavyu. Ntchito ya wongoyamba ikhale ya wongoyamba, musaimangirire zaka zisanu. Mukafuna kuyesa luso lathu pa makina anu akufa, makinawo akadzuka mulipire monga mukanalipirira mmisiri wina aliyense. Mpando umene wakhala ndi ophunzira ntchito chaka ndi chaka ndi mpando wa wantchito, lembanipo munthu. A ku unduna wa zantchito nawo tikuwapempha kuti akamayendera malo a ntchito asamathere m'mafakitale ndi m'maesiteti mokha, alowenso m'maofesi oyalidwa kapeti afunse kuti amene wakhala pakona ndi mawayawo ali pa mgwirizano wotani, ndipo wakhalapo nthawi yaitali bwanji.

Ndipo inu amene takhala tikukukonzerani makina mwaganyu, ngati kutilemba simungathe, tipatseniko kalata ya tsamba limodzi, ya pa pepala la kampani, yonena kuti uje wakhala akutikonzera makompyuta ndi mapulinta kuyambira chaka chakuti, ndipo ntchito amaidziwa. Ndi imene anzanu akutifunsa kumene tikupitako. Kutaipa titaipa tokha, pulinta yake ndi yomwe takonza ija. Inu mungosayina ndi kudinda.